Usiku umene katimu kanagwetsa chitimu

Nkhani imene ndabwera nayo lero ndi ya kutsidya la nyanja, ndipo ndi ya masewera amene ambiri a ife sitinakule nawo. Pa 16 Marichi 2018, mumzinda wa Charlotte ku North Carolina, m'dziko la America, timu ya basketball ya anyamata a pa University of Maryland, Baltimore County, imene mwachidule imatchedwa UMBC, inagonjetsa timu ya University of Virginia ndi mapointi 74 kwa 54. Papita zaka tsopano, koma zimene anthu anayankhula masewerowo atatha zikundizungulirabe m'mutu. Panali mawu a eni timu yopambana, panali mawu a eni timu yogonja, ndipo panali mawu a khamu lalikulu la anthu amene madzulo a tsikulo sankadziwa n'komwe kuti padziko pano pali sukulu yotchedwa UMBC, koma kunja kukucha anali akuitchula ngati ya pakhomo pawo. Khamu lachitatuli ndi limene ndikufuna tilimvetsere bwino, chifukwa ambiri a ife timapezekamo kawirikawiri.

Kuti nkhaniyi imveke, ndiyambe ndafotokoza mpikisano wake. Chaka chilichonse m'mwezi wa Marichi, bungwe la NCAA, limene limayang'anira masewera a m'makoleji a ku America, limachititsa mpikisano wachipulula, umene mu 2018 unali wa matimu 68. Matimu asanu ndi atatu anayamba apululana okhaokha kuti patsale 64, ndipo otsalawo anagawidwa m'magulu anayi a matimu 16. M'gulu lililonse matimu amapatsidwa manambala potengera mphamvu zawo. Nambala 1 ndi timu imene oweruza akuiona kuti ndi yoopsa kuposa zonse, nambala 16 ndi yotsalira, ndipo pa masewero oyamba awiriwa ndi amene amakumana. Mwayi wobwereza palibe. Ukagonja kamodzi, ulongedze katundu. Dongosolo la matimu 64 linayamba mu 1985, ndipo kufikira usiku wa ku Charlotte, nambala 1 ndi nambala 16 anali atakumana maulendo 135 m'mpikisano wa amuna. Maulendo onsewo nambala 16 inagwa. Mu 1989 Princeton inatsala pang'ono kugwetsa Georgetown koma inagonja 50 kwa 49, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 anthu ankasimba nkhani imeneyo akafuna kudzitonthoza kuti mwina tsiku lina zidzatheka.

Virginia ya chaka chimenecho inaikidwa pamwamba pa matimu onse 68. Inali itapambana masewero 31 n'kugonja awiri okha, ndipo mbiri yake inali pa kutchinga: mdani ankatuluka m'bwalo atapeza mapointi ongopitirira 50 pang'ono. UMBC nayo inali ndi mbiri yakeyake. Mu Januwale womwewo Albany inali itaithambitsa 83 kwa 39, ndipo mumpikisano waukuluwu inalowera pa mpira umodzi umene Jairus Lyles anaponya nthawi itatsala pang'ono kutha pa masewero awo ndi Vermont. Makampani a kubetcha ankati Virginia ipambana ndi mapointi pafupifupi 20. Kusiyana kwa mapointi kunakhaladi 20, kungoti wogona pansi anali wina.

Zinatheka bwanji? Virginia inkasewera modekha, mosathamanga, yonse itaunjikana pafupi ndi basiketi yake, n'kumasiyira mdani mpata woponyera patali. Njira imeneyi ndi yabwino mdani akamaphonya. Koma usiku umenewo anyamata a UMBC anaponya mipira 24 ya patali, ya mapointi atatuatatu, ndipo 12 inalowa. De'Andre Hunter, amene akanathandiza kuwatchinga, anali panja atathyoka pamfundo ya dzanja masiku ochepa mpikisano usanayambe. Chigawo choyamba chinatha 21 kwa 21. M'chigawo chachiwiri chokha UMBC inapeza mapointi 53, pafupifupi chiwerengero chimene Virginia inkalola m'masewero athunthu. Lyles anapeza mapointi 28, ndipo 23 mwa iwo anali a m'chigawo chachiwiri. K.J. Maura, mnyamata wa ku Puerto Rico wotalika mamita 1.73 okha, ankadutsa pakati pa zimphona ngati mbewa m'mapesi. Ndipo timu imene inazolowera kuyenda pang'onopang'ono itatsalira, inasowa miyendo yothamangira.

Kulira koyamba kunamveka kwa anthu amene sanali a Virginia n'komwe. Ku America mpikisanowu amautcha March Madness, misala ya mu Marichi, ndipo mbali yaikulu ya misalayo ndi mwambo wolosera. Mpikisano usanayambe, anthu m'maofesi, m'masukulu ndi m'mabanja amadzaza pepala lolosera wopambana pa masewero onse 63, ena mongosewera, ena ataikapo ndalama. Ngakhale Barack Obama ali pulezidenti ankadzaza lake pa wailesi ya kanema. Mu 2018 mapepala opitirira 17 miliyoni anadzazidwa kudzera ku ESPN kokha, ndipo pafupifupi onse anali atalemba kuti Virginia idutsa ndime yoyamba. Ambiri anali ataifikitsa mpaka pachikho. Choncho usiku umenewo mamiliyoni a anthu analuza, ndipo chodabwitsa n'chakuti ochuluka a iwo ankaseka. Ankajambula mapepala awo ali ong'ambika, ena ali pamoto, n'kumawatumiza kwa anzawo monyadira. Kampani yogulitsa pizza ya Little Caesars inali italonjeza kuti nambala 16 ikadzagonjetsa nambala 1 idzadyetsa anthu nkhomaliro yaulere, poganiza kuti ikulonjeza mvula ya mu Ogasiti. Pa 2 Epulo inalipira ngongole yake, anthu ali pamizere.

Ine nkhaniyi inandipeza ndili pakoleji, Loweruka m'mamawa. Nthawi ya ku Charlotte imatsalira ndi maola asanu ndi limodzi poyerekeza ndi yathu m'mwezi umenewo, ndiye masewero amene kumeneko anatha usiku, kuno anatha tambala atalira kale. Msuweni wanga, amene panthawiyo ankagwira ntchito yosamalira okalamba ku Maryland, ananditumizira uthenga wa mawu pa WhatsApp. Kumbuyo kwake kunkamveka phokoso la anthu. "Asuweni, dzukani! Tawina! Tawaswa a Virginia!" Ndinkamudziwa bwino munthuyo. Sanaphunzirepo pa UMBC, sankadziwa malamulo a basketball, ndipo sukuluyo ankangoona dzina lake pazikwangwani za mumsewu akamapita kuntchito. Patapita masiku awiri UMBC inakumana ndi Kansas State n'kugonja 50 kwa 43. Lolemba m'mawa uthenga wina unafika, wa mawu otsika: "Aluza, asuweni. Koma ayesetsa, anyamatawo."

Tawina. Aluza. Kusiyana kwa mawu awiriwa kuli pa phatikizo loyamba, ndipo m'phatikizo limenelo muli nkhani yonse ya kuchemerera. Mu 1976 katswiri wa za maganizo a anthu, Robert Cialdini, pamodzi ndi anzake anafalitsa kafukufuku amene anachita m'mayunivesite a ku America. Anapeza kuti Lolemba lotsatira chipambano cha timu ya sukulu, ophunzira ovala malaya a dzina la sukuluyo ankachuluka. Anapezanso kuti ophunzira akafunsidwa za masewero amene timu yawo inapambana ankakonda kunena kuti "ife", koma akafunsidwa za amene inagonja ankathawira kwa "iwo". M'Chingerezi zimenezi zimachitika ndi mlowam'malo woima payekha. Kwa ife zimachitika mkati mwa mneni mwenimwenimo, mwachangu kotero kuti woyankhula sadzimva kuti wasamuka. Pakati pa Loweruka ndi Lolemba msuweni wanga analowa m'timu ndi kutulukamo, osasuntha phazi.

N'chapafupi kumuseka munthu wotere, ndipo ochemerera enieni a UMBC, amene kwa zaka zambiri ankakhala pa mabenchi opanda anthu, akanakhala ndi chifukwa chomusekera. Koma ine ndinamva china mu uthenga woyamba uja. M'zaka zonse zimene anakhala ku America, msuweni wanga ankanena za dzikolo ndi a- yekhayekha: amadya chonchi, amayankhula chonchi, salonjerana, sadziwa kulira maliro. Usiku umenewo ndi umene ndinamumva koyamba akunena ta- pa chinthu cha kumeneko. Ndipo sanasankhe timu yolemera, yodziwika. Anasankha kasukulu ka m'mphepete mwa Baltimore kamene aliyense ankati kabwera kudzaperekeza anzake. Munthu amene amadzuka usiku kukasambitsa makolo a eni ake m'dziko la eni ake amadziwa kukhala nambala 16. Inu amene muli ku Johannesburg, ku Harare kapena ku Leeds simufuna kuti ndikutanthauzireni zimenezi. Ndipo a- wa Lolemba uja sanali wonyoza. M'chiyankhulo chathu a- amene amaika munthu patali ndi yemweyo amene amamupatsa ulemu, ndipo mu "ayesetsa" munali zonse ziwiri.

Achingerezi ali ndi liwu limodzi lotchulira timu imene aliyense akuyembekeza kuti igonja. Liwulo ndi underdog, ndipo linachokera ku ndewu za agalu za m'zaka za m'ma 1800: galu amene ali pansi, mnzake atamukwera pakhosi. Zinangochitika kuti timu ya UMBC imatchedwa Retrievers, dzina la mtundu wa agalu otola mbalame zimene mlenje wawombera. Pasukulupo pali chosema cha galu wotchedwa True Grit, chimene ophunzira amachisisita mphuno pofuna mwayi wa mayeso. Usiku wa chipambanocho anthu ochokera m'madera onse anadzaza Twitter ndi zithunzi za agalu awo, kuwayamikira ngati kuti nawonso anaponyako mpira. Kwa ife amene munthu akatitcha galu pamafunika ankhoswe, chimwemwe chimenechi chimaoneka chachilendo. Koma chimasonyeza mmene khamu lija linkaionera timuyo: kanthu kokongola, kosaopsa, koyenera kukasisita pamutu.

Ife liwu lotere tilibe, ndipo sitilisowa, chifukwa ntchito yake imagwiridwa ndi magulu a mayina. Timangoti katimu kagwetsa chitimu, basi nkhani yonse yamveka: wamng'ono ndani, wamkulu ndani, ndipo mtima wa wonenayo uli mbali iti. Komabe aliyense woyamwa chiyankhulochi amadziwa kuti ka- ali ndi nkhope ziwiri. Kamwana ndi mwana wokondedwa, komanso ndi mwana wosayenera kuyankhula pa akulu. Chi- nayenso amakuza ndi kunyansitsa nthawi imodzi: chimunthu ndi munthu wamkulu thupi, komanso ndi munthu amene sitikumufuna. Tikamati katimu, timakakonda ndi kukachepsa ndi mpweya umodzi womwewo. Azungu amachita zomwezi akamatcha timu yotere Cinderella, mtsikana wa m'nthano yawo amene anavina kunyumba ya mfumu ndi zovala zobwereka zimene zinayenera kutha mphamvu pakati pa usiku. Ena anafika potanthauzira zilembo za UMBC mwanthabwala kuti zikutchula Cinderella yemweyo. Mkati mwa dzinali muli chiweruzo: malo ano si ako, vina msanga ubwerere kukhitchini.

Mu 2007 Joseph Vandello ndi anzake a pa University of South Florida anafufuza chifukwa chimene anthu amakondera wochepa mphamvu. Mwa zina anaonetsa anthu kanema wa masewero a basketball atawauza kuti timu iyi ndi yamphamvu, iyi ndi yofooka. Oonerawo ankati yamphamvuyo ikusewera ndi luso, yofookayo ikusewera ndi khama. Makolo athu ananena kale kuti kanthu ndi khama, phwiti anakwatira njiwa, ndipo mwambiwu ndi wolimbikitsa. Koma taonani kuti suvomereza kuti phwiti anali wokongola. Lyles anaponya mipira 11 ndipo 9 inalowa, pamaso pa timu yotchinga bwino kuposa zonse m'dzikomo. Limenelo ndi luso. Mphunzitsi wawo, Ryan Odom, anaiwerenga Virginia n'kupeza polowera. Imeneyo ndi nzeru. Khamu likamati anyamatawa anali ndi mtima, anali ndi mwayi, Mulungu anawakumbukira, limawalanda chinthu chimene anachigwirira ntchito m'mawa uliwonse m'bwalo lopanda owonera.

Sukuluyo payokha sinali kanthu kakang'ono monga khamu linkafunira. N'zoona kuti Virginia inakhazikitsidwa mu 1819 ndi Thomas Jefferson, pamene UMBC inatsegulidwa mu 1966. Koma mtsogoleri wa UMBC panthawiyo, Freeman Hrabowski, amene ali ndi zaka 12 anatsekeredwa m'ndende ku Birmingham mu 1963 chifukwa choguba nawo pofuna ufulu wa anthu akuda, anali ataisandutsa sukulu yodziwika potulutsa asayansi achikuda. Pulogalamu ya Meyerhoff, imene inayamba mu 1988, inaphunzitsa anthu monga Kizzmekia Corbett, amene pambuyo pake anathandiza kupanga katemera wa COVID-19 wa Moderna. Timu ya chess ya pasukulupo inali itatenga zikho kambirimbiri. Zonsezi dziko silinazimve mpaka anyamata asanu atalowetsa mpira m'basiketi. Usiku umenewo tsamba la sukuluyo la pa intaneti linagwa chifukwa cha kuchuluka kwa ofuna kudziwa kuti UMBC n'chiyani, ndipo otsatira akaunti yawo ya zamasewera pa Twitter anachoka pa masauzande ochepa kufika pa oposa 100,000 m'masiku owerengeka. Amene ankayendetsa akauntiyo ankayankha onyoza ndi nthabwala zakuthwa, koma pakatipakati ankakumbutsa alendowo kuti pamalopo pamaphunzitsidwanso. Anadziwa kuti khamu silikhalitsa, ndipo anafuna kuti lichoke litanyamulako dzina lenileni la sukuluyo.

Palinso liwu lina limene linayenda kwambiri usiku umenewo: koyamba. Ambiri ankati aka n'koyamba m'mbiri yonse kuti nambala 16 igonjetse nambala 1. Koma zaka 20 m'mbuyomo, mu 1998, atsikana a ku Harvard, ali nambala 16, anagonjetsa Stanford 71 kwa 67 pabwalo la Stanford lomwelo. Chipambano cha UMBC chinali choyamba kwa amuna okha. Ngakhale pakati pa chikondwerero cha onyozeka, panali ena onyozeka kuposerapo amene sanawerengedwe.

Tsopano titembenukire kwa amene anagwa. Olemba nkhani zamasewera m'chiyankhulo chathu ali ndi aneni ambiri ofotokozera chipambano, ndipo pafupifupi onse ndi a ndewu: kuswa, kukwapula, kuthibula, kulikita, kuthambitsa. Aneni amenewa amakoma pakamwa ukakhala mwininkhani. Koma aliyense wa iwo amafuna pamtherankhani, ndipo pamtherankhaniyo ndi mwana wa munthu. Chitimu cha Virginia, ukachichotsa chi-, chinali anyamata a zaka za m'ma 20 kapena kucheperapo, amene Lolemba anayenera kukalowa m'kalasi. Mphunzitsi wawo, Tony Bennett, anaima pamaso pa kamera masewero atangotha, n'kuyamikira UMBC kuti yawaposa m'zonse, ndipo anati amene walowa m'bwalo ayenera kudziwa kuti zoterezi zikhoza kumugwera. Ambiri anamutama chifukwa cha kudzichepetsa kumeneko. Koma mmodzi wa osewera, Kyle Guy, anafotokoza pambuyo pake kuti timuyo inalandira mauthenga oiopseza kuti iphedwa, kotero kuti pobwerera kuhotela inaperekezedwa ndi apolisi. Analembanso poyera za matenda a nkhawa amene ankalimbana nawo.

Apa m'pamene kuchemerera kumaonetsa mano ake. Mu 2010 makampani a CBS ndi Turner anagwirizana kulipira madola 10.8 biliyoni kuti azionetsa mpikisanowu kwa zaka 14. Aphunzitsi a matimu akuluakulu ankalandira mamiliyoni. Osewera ankalipiriridwa fizi, chakudya ndi pogona, koma mpaka mu Julayi 2021 malamulo a NCAA sankawalola kupeza ndalama ndi dzina kapena nkhope yawo. Choncho Lyles sakanagulitsa ngakhale malaya amodzi olembedwa dzina lake pa masiku amene ankasewera mumpikisanowo dziko lonse likumutchula, ndipo Guy anasenza mkwiyo wa anthu akuluakulu amene anataya ndalama zawo pa kubetcha, iye osapezapo kanthu. Onse awiri, wopambana ndi wogonja, anali ana ogwirira ntchito chisangalalo cha ena. Khamu linasankha mmodzi kuti limunyamule pamapewa, mnzakeyo kuti limuponde, ndipo linachita zonsezi ndi mtima woyera, podziona kuti lili kumbali ya chilungamo.

Chaka chotsatira chonse, kulikonse kumene Virginia inkapita kukasewera, ochemerera a matimu ena ankailandira ndi malaya a UMBC ndi kufuula zilembo zinayizo. Guy anatenga chithunzi chake cha usiku uja, atawerama ndi chisoni anyamata a UMBC akudumpha kumbuyo kwake, n'kuchiika pa akaunti yake kuti azichiona tsiku ndi tsiku. Mu Marichi 2019 Virginia inalowanso ili nambala 1, n'kukumana ndi nambala 16 ina, Gardner-Webb. M'chigawo choyamba inatsalira ndi mapointi 14, ndipo dziko linayamba kukonzekera kuseka kachiwiri. Inadzuka n'kupambana 71 kwa 56. M'ndime yachiwiri kwa yomaliza, Auburn ikutsogola 62 kwa 60 ndipo pasanatsale ngakhale sekondi imodzi yathunthu, Guy anapatsidwa mipira itatu yaulere. Analowetsa yonse. Pa 8 Epulo, ku Minneapolis, Virginia inagonjetsa Texas Tech 85 kwa 77 n'kutenga chikho kwa nthawi yoyamba m'mbiri yake. Hunter, amene chaka chathacho anali panja ndi dzanja lothyoka, anapeza mapointi 27. Ndipo pakamwa pa anthu panasinthanso. Omwe aja ankaseka anayamba kusimba nkhani ya chiwombolo, chifukwa manyazi a chaka chimodzi anali atasandutsa chitimu kukhala chinthu choyenera kuchimvera chisoni. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, koma khamu silikumbukira kuti dzulo linaima pati.

Sindikunena za anthu a ku America okha. Patangopita masabata atatu kuchokera usiku wa ku Charlotte, ma Queens a Malawi anagonjetsa New Zealand 57 kwa 53 pa masewera a Commonwealth ku Gold Coast, ndipo ndinamva amuna amene moyo wawo wonse ankati ntchemberembaye ndi masewera a kuchigayo akufuula kuti tawina. Anzathu a ku Zambia akukumbukira ta- wa mu 2012 ku Libreville, pamene Chipolopolo inagwetsa Ivory Coast pa mapenate 8 kwa 7, ndipo usiku umenewo ta- ameneyo anawoloka malire mpaka ku Lilongwe ndi ku Tete popanda pasipoti. Flames itaswa Algeria 3 kwa 0 ku Angola mu 2010, tonse tinali m'timu. Itagonja masewero awiri otsatira n'kutuluka, anyamatawo anatsala okha ndi a- wawo, ndipo sanali a- waulemu.

Za UMBC zinapitirira motere. Mu 2023 nambala 16 ina, Fairleigh Dickinson, timu ya osewera aafupi kuposa onse m'gulu lapamwamba la makoleji chaka chimenecho, inagonjetsa Purdue 63 kwa 58, ngakhale kuti Purdue inali ndi Zach Edey wotalika mamita 2.24. Chisangalalo chinalipo, koma sichinafike pa cha 2018, chifukwa chozizwitsa chachiwiri chimapeza anthu atachiona kale. Patangopita masiku ochepa mphunzitsi wa timuyo, Tobin Anderson, anatengedwa ndi koleji ya Iona. Umu ndi mmene zimathera nthawi zambiri: katimu kakawala, aakulu amabwera kudzatola chimene chawalitsa. Ryan Odom nayenso anachoka ku UMBC mu 2021 kupita ku Utah State, kenako ku VCU. Tony Bennett atapuma ntchito mu Okutobala 2024, Virginia inafunafuna mphunzitsi watsopano, ndipo mu Marichi 2025 inalemba ntchito Odom yemweyo, munthu amene anaichititsa manyazi aakulu kuposa onse m'mbiri yake.

Kwa odziwa mbiri ya anthuwa, zimenezi sizinali zachilendo. Bambo ake a Odom anali wothandizira mphunzitsi wa Virginia m'zaka za m'ma 1980, ndipo Ryan ali mwana ankatola mipira pabwalo la timuyo. Makolo onse awiri a Jairus Lyles anaphunzira pa Virginia. Anthu amene khamu linawagawa kukhala ka- ndi chi- anali a mudzi umodzi, odyera m'mbale zoyandikana. Mpanda unali m'kamwa mwa owonera.

Sindikufuna kulanda munthu chimwemwe chake. Kuona wamng'ono akugwetsa wamkulu ndi chimodzi mwa zinthu zochepa zimene zimatsitsimula munthu amene moyo wamuika pamzere wakumbuyo, ndipo ndani wa ife sanakhalepo pamzere umenewo? Chimene ndikupempha n'chakuti tizidzimvetsera. Tikamati katimu, tifunse ngati tikuvomereza luso lake kapena tikungokasisita pamutu. Tikamati tawaswa, tikumbukire kuti oswekawo ali ndi amayi awo amene akuonera. Ndipo timu imene tinaitcha yathu Loweruka ikagwa Lolemba, tiyese kutchula liwu lovutalo, taluza, phatikizo lake loyamba lisanatithawe. Ndikufuna ndimve kwa inu a ku Chipata ndi ku Katete, a ku Angónia, a ku Dedza ndi ku Nkhotakota, ndi inu amene muli kutali ndi kwanu: timu yanu itagonja komaliza, munanena kuti chiyani, ndipo munayamba ndi ta- kapena a-?